Kusoka nsapato n'kosavuta, chovuta n'kuika mtengo

Nthawi zonse amayi a m'bungwe tikakhala pansi kukambirana za achinyamata amene akungokhala m'midzi mwathu, yankho limabwera limodzimodzi: tiwaphunzitse ntchito zamanja. Yankholi ndi labwino ndipo sinditsutsana nalo. Koma ndili ndi funso kwa inu amayi anzanga a m'dera la Mfumu Kaphuka ndi madera ena a dayosizi yathu ya Dedza. Mwa ana amene adaphunzira utelala, ukalipentala kapena kusoka nsapato zaka zisanu zapitazo, ndi angati akugwirabe ntchitoyo lero? Werengani a mumphakati mwanu mokha. Mupeza kuti wina makina adagulitsa, wina ali ku Joni, wina zida zake zili m'thumba kuseri kwa chitseko, zikuchita dzimbiri. Manja awo sadaiwale ntchito ayi. Ambiri chidawagwetsa n'choti ankagulitsa katundu pa mtengo wotsika kuposa ndalama zomwe adalowetsa, iwo osadziwa, mpaka tsiku lina mpamba udangotha.

Maganizo anga ndi akuti maphunziro aliwonse a ntchito zamanja amene parishi, bungwe lathu kapena mabungwe achitukuko akufuna kubweretsa kuno, aphunzitse kuwerengera mtengo ndi kukonza dongosolo la ntchito mofanana ndi momwe aphunzitsira kugwira nsingano. Osati katsiku kamodzi kotsiriza, anthu atayamba kale kuganiza za mpunga wa pa mwambo wolandira masatifiketi. Ndipo nditenga chitsanzo cha nsapato, chifukwa ndi ntchito imene ingatheke kuno ndi zida zochepa, komanso imakhudza umoyo wathu kwambiri kuposa momwe timaganizira.

Nyongolotsi zina za m'mimba sizilowera pakamwa. Timphutsi take timakhala m'dothi lonyowa pomwe padagwera chimbudzi cha munthu, ndipo timaboola khungu la phazi, n'kuyenda m'thupi mpaka kukafika m'matumbo momwe timayamwa magazi. Mwana wotere amafooka, m'kalasi amangosinza, ndipo mayi woyembekezera amachepa magazi. Matekenya nawo amadikira phazi losavala m'fumbi la m'nyumba zosazira ndi pafupi ndi makola. Onjezanipo minga, misomali ya dzimbiri, zikang'a za m'nyengo yozizira ya June ndi July, imene kuno ku Dedza sitichita kuuzidwa. Ndiye pali achikulire odwala matenda a shuga. Mapazi awo amachita dzanzi, moti amatha kuponda chinthu chakuthwa osamva kanthu. Bala laling'ono limakula, ndipo ena amafika podulidwa mwendo. Munthu wotere amafunika nsapato yotseka, yotakasuka, yofewa m'kati, yopanda msomali kapena msoko wokhula khungu. Nsapato yotero pa kaunjika imapezeka mwamwayi. Wosoka wa pamudzi amene angayeze phazi la agogo n'kuwasokera yowakwana akugwira ntchito yothandizana ndi achipatala, ngakhale sadavalepo gauni loyera.

Zipangizo zina tili nazo pafupi. Msewu wa M1 umadutsa pa Linthipe, ndipo matayala akutha a magalimoto ndi a njinga zamoto za kabaza sasowa. Makolo athu ankadula nkhwayira ku matayala kalekale mawu oti kusamala chilengedwe asanamveke pa wailesi. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya m'chaka cha 2015, adadzudzula chizolowezi chogwiritsa chinthu kanthawi kochepa n'kuchitaya. Tayala lotayidwa kuseri kwa nyumba limasunga madzi a mvula momwe udzudzu umaswana, ndipo likatenthedwa limatulutsa utsi wowononga mapapo. Lomwelo likasanduka chapansi cha nsapato limatumikira munthu zaka zingapo. Ku Ethiopia, mayi wina dzina lake Bethlehem Tilahun Alemu adayambitsa kampani ya soleRebels m'dera losauka la mzinda wa Addis Ababa, kupanga nsapato za matayala akutha ndi nsalu zoluka pamanja, ndipo nsapatozo zidafika pogulitsidwa ku Ulaya, ku America ndi ku Asia. Sindikunena kuti ife tifikanso kumeneko chaka chamawa. Ndikungonena kuti tayala si chinthu chochititsa manyazi.

Tsono tiyeni tikhale pansi ndi cholembera. Manambala ndilembe apawa ndi ongoyerekeza, poti mitengo masiku ano ikusintha mwezi usanathe. Inu muikepo ya kwanuko, njira yake ndi yomweyo.

Tiyerekeze kuti mtsikana wamaliza maphunziro ndipo akusoka masandasi a chikopa pamwamba, tayala pansi. Tayala wagula K6,000 ndipo latulutsa mapeyala asanu ndi limodzi, ndiye kuti K1,000 pa peyala. Chikopa cha malamba K3,000. Guluu, ulusi, timisomali ndi zomangira K1,500. Zonse pamodzi K5,500. Akuyang'ana mitengo ya pamsika, akuika K8,000, ndipo mumtima akuti wapindula K2,500 pa peyala iliyonse. Amayi ake akusangalala, a mphakati akuyamika Mulungu. Apa ndi pomwe pamathera masamu a anthu ambiri, ndipo apa ndi pomwe pamayambira kugwa.

Chikopa chofufuta bwino ndi guluu sazipeza pa golosale ya pamudzi. Adakwera minibasi kupita ku Lilongwe, tinene K20,000 kupita ndi kubwera, n'kugula zokwanira mapeyala 20. Imeneyo ndi K1,000 ina pa peyala. Msonkho wa pamsika ndi kabaza womufikitsa kumeneko, tiike K300. Mipeni imatha, nsingano zimathyoka, zikombole zoumbira nsapato zimafuna kusintha: K200. Tafika pa K7,000, ndipo sitinawerengere munthu mwiniyo. Ngati amasoka mapeyala awiri patsiku, ndipo tsiku la ganyu m'dimba la mbatatesi akadalandira K4,000, ndiye kuti thukuta lake pa peyala ndi K2,000. Mtengo weniweni wa peyala imodzi ndi K9,000. Koma mwa mapeyala 20 aja, imodzi adaidula molakwika, ina idamatuka wogula n'kuibweza. Ndalama ya mapeyala 20, yomwe ndi K180,000, iyenera kubwera kuchokera ku mapeyala 18 okha. Ndiye kuti peyala iliyonse ikufunika K10,000 kuti angobweza zake, phindu lisanayambe n'komwe.

Iye akugulitsa K8,000. Mapeyala 18 amupatsa K144,000. Zomwe adatulutsa m'thumba ndi K140,000. Watsala ndi K4,000 pa ntchito ya masiku khumi, kutanthauza K400 patsiku. Azakhali ake akangotenga peyala imodzi ya "ndidzakupatsa pakutha pa mwezi" osabweranso, mtsikana uja walowa kale m'mpamba. Ndipo ngati K140,000 ija adaikongola ku banki nkhonde, tinene pa chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse pamwezi, pakufunika K28,000 ina imene sakudziwa kochokera. Iyeyo saona kuti akuluza, chifukwa tsiku la msika ndalama zimaoneka m'manja. Amadzazindikira pa ulendo wachitatu wa ku Lilongwe, pomwe ndalama zikungokwana mapeyala khumi.

Pali msampha winanso umene amalonda ang'onoang'ono ambiri adagweramo m'mwezi wa November 2023, pomwe kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, patangodutsa chaka ndi theka igwetsedwenso ndi 25 peresenti mu May 2022. Guluu, ulusi wa nayiloni, zomangira ndi zikopa zambiri zofufuta bwino zimachokera kunja, choncho mitengo yake idakwera msanga. Amene adapitiriza kugulitsa potengera mtengo umene adagulira zipangizo mwezi wathawo adamaliza katundu yense bwinobwino, koma pobwerera kokaoda adapeza kuti ndalama zawo zachepa. Mtengo wa nsapato uyenera kutengera ndalama zomwe mudzagulire zipangizo mawa, osati zomwe mudagulira dzulo. Mfundo imeneyi njosavuta, mwana wa Sitandade 6 angaimve, koma pamafunika wina woti ainene.

Ena mwa inu muti: kodi ndiye akaika K11,000 kapena K12,000 adzagula ndani, pomwe pa kaunjika ndi pa mulu wa mapatapata pali zotsika mtengo? Funsoli ndi loona ndipo sindilizemba. Pa nsapato zapulasitiki zochokera kumafakitale akuluakulu akunja, wosoka wa kwa Kaphuka sangapikisane nazo pa mtengo, ndipo asayese n'komwe. Koma apa ndi pomwe kuwerengera kumathandiza. Masamu akakuuzani kuti mtundu uwu wa nsapato sungakupatseni phindu, mwapulumuka musanakongole. Mumayang'ana kwina: kukonza nsapato zong'ambika, komwe zipangizo n'zochepa ndipo ndalama yambiri ndi ya luso, kuika chapansi chatsopano cha tayala pa nsapato ya kaunjika imene pamwamba pake pakadali bwino, nsapato zakuda za ana a sekondale, nsapato za anthu a mapazi aakulu, otupa kapena opunduka, amene msika udawaiwala. Ambuye Yesu, pa Luka 14:28, adapereka chitsanzo cha munthu wofuna kumanga nsanja amene ayenera kuyamba wakhala pansi kuwerengera ngati ndalama zimukwanire. Timamva mawuwa m'tchalitchi, koma pa bizinesi timayamba ndi maziko, kuwerengera pambuyo.

Mbali yachiwiri ndi dongosolo la ntchito, ndipo imeneyi ndiyo imatsitsa mtengo uja wa K10,000 popanda kuba thukuta la munthu. Thiransipoti ya K20,000 ikagawidwa pa mapeyala 20 ndi K1,000 pa peyala. Osoka atatu akatuma munthu mmodzi kukagula za mapeyala 60, imatsika kufika pa K330 ndi kakobiri pamwamba. Chikopa chikadulidwa mongoyerekeza ndi maso, zidutswa zambiri zimatayika. Akayamba wajambula mapatani pa katoni n'kuwayala onse pachikopa asanadule, chikopa chomwecho chimatulutsa malamba ochulukirapo, ndipo tizidutswa totsala timapanga nsapato za makanda ndi zokolekera makiyi. Posankha tayala pamafunikanso nzeru: matayala ambiri a magalimoto a masiku ano ali ndi mawaya achitsulo m'kati, amene amabunthitsa mpeni ndipo angathe kulasa phazi la wovala, pomwe ena ali ndi ulusi wokhawokha ndipo amadulika bwino. Wogula tayala asanaliyese wataya ndalama. Kudula mapeyala khumi nthawi imodzi, kenako kumata onse, kenako kusoka onse, kumafulumira kuposa kumaliza peyala imodzi musanayambe ina, makamaka poti guluu amafuna nthawi yoti aume pang'ono musanaphatikize, ndipo kukazizira kapena kukachita chinyezi amachedwa.

Dongosolo ndi kudziwanso kalendala ya thumba la anthu a kwanu. Kuno ndalama zimayenda anthu akakolola ndi kugulitsa nyemba, soya, mtedza, mbatatesi ndi chimanga. Sukulu zimatsegulira chaka mu September. Pa Khirisimasi ndi pa Pasaka anthu amafuna kuoneka bwino, chimodzimodzi pa maukwati, pa Ukaristia woyamba ndi pa Ulimbitso. Koma mu January ndi February, pomwe nkhokwe zapepuka ndipo ndalama yapita ku feteleza, palibe amene amaganiza za nsapato yatsopano. Wosoka wanzeru amagula zipangizo mu June, amasoka nsapato za sukulu mu July ndi August, ndipo m'dzinja amadalira zokonzakonza uku akulima munda wake. Amene amasoka mapeyala 30 mu January ndi ndalama ya ngongole wadzimangirira yekha mwala m'khosi. Ndipo kope laling'ono lolembamo masayizi amene agulidwa limamuuza, pakatha miyezi itatu, masayizi oyenda ndi ogona. Nsapato ya sayizi yosayenda ndi ndalama yokwiriridwa pansi.

Dzina la Bata tonse timalidziwa, ambiri mwa ife nsapato yoyamba ya sukulu inali ya kumeneko. Kampaniyi idayamba m'chaka cha 1894 m'tauni yaing'ono ya Zlín, m'dziko lomwe lero ndi Czech Republic, ndipo adaiyambitsa ndi ana atatu a banja la osoka nsapato: Tomáš, Antonín ndi mlongo wawo Anna. Chaka chotsatira idatsala pang'ono kugwa ndi ngongole. Idadzuka pomwe Tomáš adaona kuti chikopa n'chokwera mtengo kwa anthu wamba n'kuyamba kusoka nsapato za nsalu yolimba. Pambuyo pake adakonza zoti chigawo chilichonse cha fakitale yake chiziwerengera chokha zolowa ndi zotuluka, kuti ogwira ntchito aziona okha pomwe ndalama ikutayikira. Nsingano ankaidziwa kale kuchokera kwa bambo awo. Chimene adachita kuphunzira movutikira ndi masamu.

Ndisanamizire kuti m'dziko muno palibe amene akuphunzitsa zimenezi. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo m'makoleji aluso muli phunziro la kayendetsedwe ka bizinesi. Kuyambira mu 2015 boma lidayamba kutsegula makoleji aluso a m'madera, ndipo kuno ku Dedza tili ndi ya Chongoni. Zimenezi n'zoyamikika. Koma malo m'makoleji ndi ochepa ndipo amafuna satifiketi ya sukulu. Wosoka nsapato wa pansi pa mtengo pa Linthipe adaphunzira kwa amalume ake, ndipo mtsikana amene adasiyira sukulu Sitandade 7 chifukwa cha mimba sadzafika pa geti la koleji. Anthu amenewa ndi athu, timakhala nawo m'miphakati, ndipo ndi amene maphunziro a masabata ochepa a parishi ndi a mabungwe amawafikira. Pempho langa kwa a CADECOM, kwa abambo mfumu ndi makomiti achitukuko a maparishi ndi lakuti pokonza maphunziro otere, wophunzira asalandire satifiketi kapena zida asanaonetse kope lake momwe wawerengera yekha mtengo wa chinthu chimene wapanga, ndi dongosolo la miyezi itatu yoyamba. Ndipo pakatha miyezi itatuyo wina apite akaone kopelo. Mphunzitsi wa masamu amenewa sachita kuchokera ku Lilongwe. M'bungwe mwathu muli amayi amene akhala akusunga mabuku a banki nkhonde zaka zambiri osasokoneza ngakhale K50, muli aphunzitsi opuma, muli amayi ogulitsa tomato amene amadziwa kuwerengera zowola asanaike mtengo wa mulu. Luso lilipo, silinapemphedwe chabe.

Maphunzirowo asaiwalenso thanzi la wosokayo. Guluu wa nsapato ali ndi fungo lamphamvu lopweteketsa mutu ndi kuledzeretsa, ndipo amayaka msanga. Asagwiritsidwe ntchito m'nyumba yotseka, pafupi ndi mbaula, kapena mwana ali kumbuyo. Chitini chizitsekedwa ndi kuikidwa patali ndi ana, poti tikudziwa zimene guluu wachita kwa ana ena a m'misewu ya m'mizinda. Chitini chotsekedwa bwino sichiumanso msanga, ndiye apa thanzi ndi thumba zikugwirizana.

Tsopano ndinene za ife eni, ngakhale zisakome. Amene amagwetsa mabizinesi a ana athu nthawi zambiri si kaunjika, ndi ife achibale ndi akhristu anzawo. Tikapita m'sitolo ya m'tauni timalipira mtengo wolembedwa osatsegula pakamwa. Tikafika kwa mwana wa mnzathu wa m'bungwe timayamba: "Iwe, ine ndi mayi ako, ungandiuze mtengo umenewo?" Mwanayo, poti adaleredwa mwaulemu, amatsitsa mutu n'kutsitsanso mtengo. Tikatero timatenganso pangongole. Mpingo wakhala ukuphunzitsa za malipiro oyenera a wantchito kuyambira pa kalata ya Papa Leo XIII ya Rerum Novarum mu 1891, ndipo chiphunzitsocho sichikhudza eni mafakitale okha. Chimakhudzanso ine ndikaima pamaso pa mtsikana amene wasoka tsiku lonse. K2,000 ija ya thukuta lake ndikaikana, ndamugwiritsa ganyu yaulere. Ndipo atsikana ndi amene amavutika kwambiri kunena mtengo molimba mtima, chifukwa tidawaphunzitsa tokha kuti kukana wamkulu ndi mwano. Kope limawathandiza pamenepa: m'malo mokangana ndi azakhali, amangotsegula tsamba n'kunena kuti, "Azakhali, taonani nokha."

Bungwe lathu lingachite chinthu chimodzi chimene palibe bungwe lakunja lingachite, ndicho kukhala msika wodziwika. Amayi 40 a nthambi imodzi ali ndi ana ndi zidzukulu zambiri zofuna nsapato mu September. Mlembi atalemba maina ndi masayizi pa msonkhano wa mu June, aliyense n'kupereka theka la mtengo pomwe ndalama za zokolola zikadali m'manja, wosoka sangafunikenso ngongole ya chiwongoladzanja, sangasoke sayizi yopanda mwini, ndipo ulendo umodzi wa ku Lilongwe ungakwanire zonse. Mtengo ungatsike pa zifukwa zoona, osati chifukwa chomuchititsa manyazi. Ifenso tingakhale ndi mphamvu yomuuza kuti nsapato ikamatuka mwezi usanathe aikonze mwaulere, ndipo akachedwetsa kupitirira tsiku lopangana, chaka chamawa oda ipita kwa wina. Theka lotsalalo liperekedwe tsiku lolandira nsapato, pamaso pa msungichuma, ndipo mayi amene sanamalize kulipira nsapatoyo iyambe yakhala m'bokosi la bungwe.